Galimoto Iti Imakwera Miyala Bwino: Wrangler, Land Cruiser, Jimny Kapena Defender?

(Vidiyo ikuyamba ndi galimoto ya double cab itaima pa njira ya miyala, tayala lina lakumbuyo likuzungulira m'malere.)

Takulandirani nonse amene mukuonera. Ndikupempha kuti muyang'anitsitse tayala lakumbuyo la galimoto iyi, chifukwa nkhani yonse ya lero yagona pamenepa. Galimotoyi ndi ya 4x4, injini yake ilibe vuto lililonse, dalaivala waika giya yoyenera, koma yakanika kudutsa mwala umene mwana wa sukulu angathe kuulumpha. Tayala lakutsogolo la kumanja lakwera pamwalapo, choncho kulemera konse kwatsamira pa tayala limenelo ndi linzake lakumbuyo la kumanzere, pamene awiri otsalawo apepukidwa. Lina likungopala fumbi, linalo likuzungulira ngati la njinga imene wokonza waigadabuza pansi pa mtengo. Dalaivala akaponda mafuta kwambiri, chimene chikuwonjezeka ndi phokoso ndi fungo la labala basi.

Chimene chamukola ndi difu, chibumu chachitsulo chija chimene mumachiona pakati pa matayala awiri mukasuzumira kunsi kwa galimoto. Ntchito ya difu ndi yabwino pa msewu wa tala, chifukwa pokhota tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati, ndipo difu ndiye amalola kuti awiriwa azungulire mosiyana liwiro. Vuto lake ndi lakuti difu wamba amagawa mphamvu mofanana ku matayala onse awiri, ndipo muyeso wake umachokera ku tayala limene lagwira pansi mofooka. Tayala limodzi likakhala m'malere silifuna mphamvu yochuluka kuti lizungulire, motero linzake limene laponda pathanthwe limalandiranso kamphamvu kochepa komweko. N'chifukwa chake galimoto yolembedwa 4x4 imatha kutsala ndi matayala awiri okha ozungulira, ndipo awiriwo n'kukhala amene alibe pogwira.

Pofuna kufananiza magalimoto pa nkhani imeneyi, tiyeni tipite kumene anthu amayesera zimenezi mwadala. Ku California, m'mapiri a Sierra Nevada, kuli njira yotchedwa Rubicon Trail, yotalika makilomita pafupifupi 35, imene imakathera kufupi ndi Nyanja ya Tahoe. Mbali yaikulu ya njirayi ndi matanthwe a granite ndi miyala ikuluikulu yosanjikizana, ndipo ngakhale mtundawo ndi woti pa tala munthu amaudutsa mu theka la ola, kumeneko anthu ambiri amagonera m'njira. Kuyambira mu 1953 eni ake a magalimoto a Jeep akhala akusonkhana chaka ndi chaka kuti ayende njirayi limodzi, ndipo mu 2003 kampani ya Jeep inatulutsa mtundu wa Wrangler umene inaupatsa dzina la Rubicon, wopangidwira miyala yotereyi.

(Chithunzi chikuonetsa Wrangler Rubicon ikukwera thanthwe pang'onopang'ono, kamera ili pafupi ndi ekiselo yakutsogolo.)

Wrangler Rubicon ili ndi diff lock kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Dalaivala akadina batani, matayala awiri a pa ekiselo imodzi amamangidwa kukhala chinthu chimodzi, moti la m'malere ndi la pathanthwe amazungulira mofanana, ndipo limene lagwira pansi limakoka galimoto yonse. Komanso galimotoyi imayesetsa kuti tayala lisachoke pansi n'komwe. Maekiselo ake onse awiri ndi chitsulo chimodzi chochokera ku tayala ili kukafika ku linzake, choncho tayala lina likakankhidwira m'mwamba ndi mwala, linzake limakanikizidwira pansi, monga mmene limachitira thabwa limene ana aliika pachitsa n'kukhala uku ndi uku. Kutsogolo kulinso chitsulo chotchedwa sway bar, chimene pa tala chimaletsa galimoto kupendekera pokhota, koma pa miyala chimangoumitsa ekiselo. Mu Rubicon dalaivala amachimasula ali pampando, ndipo mukuona nokha mmene tayala latsikira m'phangamo kukafuna pogwira pamene thupi la galimoto lili chiimire.

Chinthu chachitatu, chimene ine ndimachiona kuti anthu ambiri amachipeputsa, ndi kuchedwa. Galimoto zonse zimene tikukambirana lero zili ndi giya ya low range, ija yolembedwa 4L, imene imachepetsa liwiro n'kuchulukitsa mphamvu yokokera. Mu Rubicon giya imeneyi imachepetsa liwiro kanayi, ndipo mu Wrangler Rubicon ya mtundu wotchedwa JL yosintha magiya ndi dzanja, mukaphatikiza giya yoyamba, low range ndi difu, injini imazungulira maulendo pafupifupi 84 kuti tayala lizungulire kamodzi. Tanthauzo lake ndi lakuti dalaivala atachotsa phazi pa kilachi osaponda mafuta, galimoto imayenda yokha pa liwiro losafika makilomita awiri pa ola, mochedwa kuposa gogo wa ndodo. Pa miyala kuchedwa kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa galimoto imene ilibe giya yotsika chonchi imakakamiza dalaivala kukwera mwala mothamanga, ndipo ikadumpha n'kutera tayala likuzungulirabe mwamphamvu, pamenepo ndi pamene ekiselo imathyoka.

Tsopano tione kamwana ka m'gululi, Suzuki Jimny ya mtundu umene unatuluka mu 2018. Injini yake ndi ya malita 1.5 okha, ilibe diff lock yochokera ku fakitale, ndipo low range yake imangochepetsa liwiro kawiri. Papepala ikuoneka yotsalira, koma anthu ambiri amene anaiderera achita manyazi pa miyala. Imalemera makilogalamu pafupifupi 1,100, pamene magalimoto ena onse m'gululi amayandikira kapena kupitirira matani awiri, ndipo ndi yopapatiza moti imazemba pakati pa miyala imene Land Cruiser imayenera kuikwera. Mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo ndi mamita 2.25 basi, choncho ikamadutsa pansonga ya chitunda mimba yake sikhalira pansi. Tayala likayamba kuzungulira m'malere, kompyuta imaligwira ndi buleki kuti mphamvu ipite ku linzake. Njira imeneyi imagwira ntchito, ngakhale kuti imadikira kaye tayala literereke, ndiye galimoto imayenda mogwedezagwedeza. Pamene Jimny imagonja ndi pa masitepe aatali a thanthwe, chifukwa matayala ake ndi ang'onoang'ono ndipo mpata wa pansi pake ndi masentimita 21, poyerekeza ndi oposa 27 a Rubicon. Kufupika kwake kumachititsanso mantha pa chikweza choima kwambiri, chifukwa kutsogolo kumafuna kunyamuka.

Apa ndi pofunika kufotokoza za makona atatu amene amalembedwa m'mabuku a magalimotowa. Kona yoyamba imanena kuima kwa chikweza chimene galimoto ingayambe kukwera bampala lakutsogolo lisanagunde, yachiwiri imanena za mimba podutsa pansonga, ndipo yachitatu imanena za kumbuyo potsika. Jimny ili ndi madigiri 37 kutsogolo, 28 pamimba ndi 49 kumbuyo. Rubicon ya zitseko ziwiri ili ndi 44 kutsogolo, pafupifupi 28 pamimba ndi 37 kumbuyo, koma ya zitseko zinayi, imene ndi yaitali ndi theka la mita ndi pang'ono, kona ya pamimba imatsika kufika pansi pa 23. Galimoto ndi yomweyo, injini ndi yomweyo, koma kutalika kokha kwaichotsera madigiri asanu. Ichi n'chifukwa chake ma double cab monga Toyota Hilux, amene matayala ake ndi otalikirana kupitirira mamita atatu ndipo bodi yake imalendewera kutali kumbuyo, amakonda kukhalira pamimba kapena kukwekweza chitsulo chokokera ngolo.

(Chithunzi chikusintha, tikuona Land Cruiser 79 yodzaza katundu ikukwera phiri.)

Iyi ndiye galimoto imene ife timaidziwa bwino, chifukwa Land Cruiser ya mtundu wa 70 ndi imene imagwira ntchito ngati ambulansi m'zipatala zambiri za kumidzi, ndipo mabungwe ochuluka amaidalira. Toyota inayamba kuipanga mu 1984 ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Nayonso ili ndi maekiselo achitsulo chimodzi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mitundu yake ina imabwera ndi diff lock mbali zonse ziwiri. Injini yake yakale ya dizilo, ya malita 4.2 yotchedwa 1HZ, si yothamanga, koma imakoka ikulira motsitsa mawu, ndipo khalidwe limeneli ndi limene miyala imafuna. Komabe ndinene chilungamo: mutaiika pa Rubicon Trail mmene inachokera ku fakitale, ingavutike kuposa Wrangler. Masipuling'i ake akumbuyo ndi a zitsulo zosanjikiza, opangidwa kuti asenze katundu wolemera, choncho ikakhala yopanda katundu amakhala ouma ndipo tayala limanyamuka msanga. Pikapu ya 79 ndi yaitali, matayala ake ndi otalikirana mamita 3.18, ndipo imafuna bwalo lalikulu kuti ikhote. Palinso kachinthu kena kamene eni ake amadandaula: pa mitundu ya V8 imene inayamba mu 2007, matayala akumbuyo ndi oyandikana kuposa akutsogolo, moti lakumbuyo siliponda ndendende pamene lakutsogolo laponda.

Land Rover Defender yatsopano inasankha njira ina. Yakale ija inasiya kupangidwa ku Solihull mu 2016, ndipo imene inailowa m'malo, yopangidwira ku Nitra m'dziko la Slovakia, ilibe ekiselo yachitsulo chimodzi. Tayala lililonse limayenda palokha. Mitundu yake yokhala ndi masipuling'i a mpweya imadzikweza mpaka mpata wa pansi kufika masentimita 29, kuposa Rubicon wamba, ndipo kompyuta yake imagawa mphamvu mwanzeru zodabwitsa. Koma galimoto ikadzikweza chonchi matayala amatsala ndi mpata wochepa wotsikira, choncho pa miyala mumaiona ikunyamula tayala m'mwamba kawirikawiri n'kudutsa ndi nzeru za kompyuta. Imadutsadi, ndipo dalaivala amakhala mwamtendere. Nkhawa yanga ndi ya tsiku limene thumba la mpweya labooka kapena waya wina waduka muli kutali ndi tauni, chifukwa sipuling'i yachitsulo makaniko wa pamsika amatha kuimanga kuti mufike, pamene izi zimafuna makina oyezera ndi zipangizo zoitanitsa kunja.

Ndikafunsidwa kuti yopambana ndi iti pa miyala yokhayokha, yankho langa ndi Wrangler Rubicon ya zitseko ziwiri, ndipo sindikayika. Koma njira zathu zambiri sizili ngati Rubicon Trail. Taganizirani msewu wa Golodi, wochokera ku Chitimba kukwera ku Livingstonia, wa makilomita pafupifupi 15 ndi makona okhota kwambiri 20. Miyala yake ndi yosweka, yothwa ndi yogubuduzika, mvula imakumba ngalande pakati pa njira, ndipo munthu amakwera atanyamula anthu, matumba a chimanga kapena simenti. Pamenepo Wrangler, imene imasenza katundu wochepa, ubwino wake umachepa, ndipo masipuling'i ouma a Land Cruiser aja amayamba kugwira ntchito imene anapangidwira, chifukwa katundu amakanikizira matayala akumbuyo pansi. Jimny imakhota makona amenewo mosavuta, pamene galimoto yaitali nthawi zina imayenera kubwerera m'mbuyo kaye, phompho lili pambali.

(Kamera yayandikira tayala, munthu wagwada akutulutsa mpweya.)

Pali chinthu china chimene chimasintha magalimoto onsewa popanda kulipira kanthu, ndipo ndi mpweya wa m'matayala. Onani tayala ili, lapopedwa kufika 35 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) monga timachitira pa filing'i siteshoni. Likakumana ndi mwala limangoukhudza ndi kachigawo kakang'ono, kenako n'kudumpha ngati mpira. Tsopano talitsitsa kufika pa 20. Onani mmene labala yafumbatira mwalawo ngati dzanja logwira nsima, mano a tayala aluma mbali zonse, ndipo nsonga ya mwala yalowa mu labala m'malo moiboola. Madalaivala ambiri odziwa miyala amatsitsa mpweya kufika chapamenepa, koma galimoto yodzaza katundu siyenera kutsitsidwa kwambiri, chifukwa m'mbali mwa tayala mungapanidwe pakati pa mwala ndi limu n'kung'ambika, kapena tayala lingavuke pa limu.

Kuyendetsa kwakenso kuli ndi mwambo wake. Mwala waukulu uyenera kupondedwa ndi tayala, osaulowetsa pakati, chifukwa pakati ndi pamene pali difu ndi sampu ya oyilo. Zala zazikulu zisalowe m'kati mwa chiwongolero, popeza tayala likagunda mwala chiwongolero chimabwerera mwamphamvu. Pamalo povuta mnzanu atsike, aime kutsogolo poti mukumuona, ndipo akutsogolereni ndi manja, chifukwa iye akuona zimene boneti yakubisirani. Potsika phiri ikani 4L ndi giya yoyamba kuti injini igwire galimoto, mabuleki asatenthe.

Mukangotuluka m'miyala, imani pambali musanalowe pa tala. Masulani diff lock ndipo muonetsetse kuti nyali yake yazima, chifukwa difu womangidwa amakana kukhota pa msewu wouma ndipo amapotokola ekiselo. Ngati galimoto yanu ndi ya mtundu wa Jimny, Hilux kapena Land Cruiser 70, bwezeraninso giya ku 2H, imene imayendetsa matayala awiri okha pa msewu wamba. Kenako popani matayala kubwerera pa muyeso wake, popeza tayala lofewa likathamanga pa tala limatentha m'kati mpaka kuphulika, ndipo pomaliza gwadani musuzumire kunsi, muone ngati pali dontho la oyilo pa difu kapena pa sampu.