Firiji yopanda batire, nanga usiku imazizira bwanji?

[Pa sikirini: kabotolo ka katemera m'dzanja]

Moni nonse, takulandiraninso. Taonani kabotolo aka. Kuchoka ku fakitale mpaka kukafika pa mkono wa mwana kakwera ndege, kagona mosungira mankhwala, kakwera galimoto, mwinanso njinga yamoto, ndipo ulendo onsewo kamafuna kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, osakwera osatsika. Azaumoyo amati cold chain, ndiye kuti kuzizira kolandirana ngati unyolo, pakangoduka pamodzi basi zonse zija zalowa m'madzi.

Ambirife timaopa kutentha kokha, komatu kuzizira kopyola nako kumapha katemera. Wa hepatitis B, wa kafumbata, akangoundana kamodzi watha ntchito olo asungunuke nkumaoneka bwinobwino. Kutentha kuli ndi mboni yake, kasitika ka pabotolo kaja kamene kamada pang'onopang'ono kakamamva kutentha, anayamba kukamata pa katemera wa poliyo mu 1996. Koma kuundana kasitikako sikaona ayi.

[Makreti a tomato padzuwa]

Ku chakudya nkhani ndi yomweyo kungoti kuchuluka kwake nkoopsa. Lipoti la 2022 la FAO ndi UNEP, nthambi za United Nations zoona za chakudya ndi zachilengedwe, linati mu 2017 mokha chakudya chokwana matani 526 miliyoni chinawonongeka kamba kosowa pozizira. Tomato kapena masamba mukathyola safa pompo, amapumabe, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 kupumako kumawirikiza kawiri kapena katatu, ndiye kufota ndi kuola kumathamanganso chimodzimodzi.

Mwina mukuti aaa, si tingogula mafiriji ambirimbiri nkhani ithe? Apa mpamene pagona nkhani. Firiji imadya magetsi, komwe kulibe magetsi ndi jenereta ya dizilo, kenako pali gasi amene amazungulira m'mapaipi akumbuyo aja. Wakale, CFC, ankaboola ozoni, chophimba cha mumlengalenga chimene chimatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndiye mayiko anagwirizana zomusiya ku Montreal mu 1987. Amene analowa m'malo mwake, HFC, ozoni sakhudza koma kutenthetsa dziko ndiye katswiri, kilo imodzi ya R134a, mtundu umodzi wa HFC, ikathawira mumlengalenga ili ngati makilo 1,400 ndi kuposa a mpweya wa kaboni. Tikuziziritsa mkaka kwinaku tikuwotcha dziko, mwaiona? Nchifukwa chake mu 2016 ku Kigali anagwirizananso zochepetsa HFC. Mafiriji ambiri apanyumba pano amayendera gasi wina wotchedwa R600a, amene pa sikelo yomweyo ali cha pa 3 basi. Kaoneni kasitika ka pa firiji yanu.

[Mapanelo a sola padenga la chipatala]

Tsopano mbali yomwe ine imandisangalatsa. Kale zipatala zakutali zinkadalira mafiriji a parafini, kenako kunabwera a sola okhala ndi mabatire. Vuto batire, pakatha zaka zochepa lafa, firiji ili bwinobwino, mapanelo ali bwinobwino, koma zonse zangokhala ngati kabati chifukwa ndalama ya batire latsopano palibe, osanenanso zoti batire ndi chinthu chokopa manja, wina amafuna akaonere mpira kunyumba.

Ndiye akatswiri anati bwanji m'malo mosunga magetsi tizisunga kuzizira kwenikweniko? Panelo imalumikizidwa molunjika ku kompulesa, kainjini ka firiji kaja, dzuwa likawala kompulesa imalira nkumaumitsa madzi amene ali m'zipupa za firijiyo kukhala ayisi. Usiku kompulesa ili zii, ayisi uja ndi amene akugwira ntchito, ndipo olo kuchite mitambo masiku angapo mkati mumakhalabe pabwino. Batire lake ndi madzi. Amaitcha solar direct drive, ndipo WHO, nthambi ya zaumoyo padziko lonse, isanavomereze firiji ya kumadera otentha imaiyesa kaye m'chipinda cha madigiri 43. Zatsopanozi anazikonzanso moti ayisiyo asagundane ndi katemera, paja tanena za kuundana.

Ku misika ya ku Nigeria kuli ColdHubs, imene anayambitsa Nnaemeka Ikegwuonu, zipinda zozizira za sola zoti wogulitsa sagula firiji, amangolipira pa kreti pa tsiku. Kwa ine nzeru yagona pa kalipiridweko kuposa pa makinawo. Konko ku Nigeria mphunzitsi Mohammed Bah Abba anafalitsa ya miphika iwiri, waung'ono mkati mwa waukulu, pakati mchenga wonyowa, madzi akamauma amachoka ndi kutentha. Imathandiza masamba kukakhala kouma, kwa chinyezi ayi, ndipo chonde musaikemo katemera.

Musaiwalenso kuti si chilichonse chimakonda firiji, nthochi pansi pa madigiri 13 imada khungu.

[Wazaumoyo wanyamula bokosi la katemera]

Ena ndiye anaiganiza mobwerera, anati bwanji katemerayo apirire yekha? Mu 2012 MenAfriVac, katemera wa matenda oumitsa khosi, analoledwa kukhala kunja kwa firiji mpaka masiku 4 bola kutentha kusapyole madigiri 40, ndipo anayamba kuyesera ku Benin chaka chomwecho. Tangoganizani wazaumoyo amene ankabwerera tsiku ndi tsiku kukatenga ayisi, pano akutha kugona konko kumudzi nkupitiriza kubaya m'mawa.