Land Rover ija inayamba ngati chipangizo cha kumunda

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo, inu anyamata muli kumbuyoko senderani kuno chifukwa mawu anga sapita patali masiku ano. Mwandipempha kuti ndinenepo za galimoto zakale zija zokoka ndi mateyala onse anayi, zomwe timati four by four, kuti zinachokera kuti komanso eni ake ankazitsatsa bwanji mpaka zinafika kumidzi ngati kwathu kuno.

Nkhani yake imayambira ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Asilikali a America ankafuna kagalimoto kopepuka kodutsa paliponse, ndiye makampani a Willys ndi Ford anapanga Jeep, zoposa 600,000 nkhondo isanathe. Nkhondo itatha mu 1945 a Willys anaona kuti kasitomala wawo wamkulu wapita, basi anatembenukira kwa alimi, n'kutulutsa Jeep ya anthu wamba yotchedwa CJ-2A yokhala ndi chitseko chakumbuyo, pazithunzi zotsatsira ikukoka pulawo m'munda ngati ng'ombe.

Ndiye ku Britain kunali mkulu wina Maurice Wilks, wojambula galimoto ku kampani ya Rover, mkulu wake Spencer ndi amene anali bwana wa kampaniyo. Maurice anali ndi munda pa chilumba cha Anglesey ku Wales ndipo ankagwiritsa ntchito Jeep yotsala kunkhondo, imeneyo ndi imene inamupatsa nzeru yopanga Land Rover mu 1947, amati mpaka anajambula maonekedwe ake pamchenga kunyanja. Yoyeserera yoyambayo chiwongolero chinali pakatikati ngati thirakitala, tangoganizani. Koma vuto linali chitsulo, boma linkagawa pang'onopang'ono ndipo linkakondera makampani ogulitsa katundu kunja, pomwe aluminiyamu yopangira ndege inali mbwee. Ndiye bodi anapanga ya aluminiyamu, penti anatenga yobiriwira yotsala ku ndege zankhondo, n'chifukwa chake zoyambirira zonse zinali zobiriwira, sikuti anachita kusankha ayi, ndi umphawi chabe. Anaionetsa koyamba pa 30 April 1948 ku Amsterdam, mtengo wake mapaundi 450, injini ya petulo ya malita 1.6, ndipo poyamba zitseko ndi tenti yapamwamba umalipira padera.

Apa mvetsetsani, poyitsatsa sankanena za ulemerero kapena mipando yofewa. Ankauza mlimi kuti m'mawa ulimira, masana upopera madzi kapena kucheka matabwa chifukwa inali ndi shafiti kumbuyo yozunguza makina ndi lamba, madzulo upite nayo kumsika. Eni ake ankayesa ndi yongodikirira nayo mpaka malonda a galimoto zapamwamba adzabwerere, koma pasanapite nthawi inayamba kugulidwa kuposa galimoto zina zonse za Rover. Maboma a atsamunda anaigula kwambiri, ndiye ife tinaidziwira kwa a DC, apolisi ndi amishoni, ana tikaimva kulira kwake patali ena ankathamangira kumsewu ena kuthawira kumunda, zinkatengera kuti yabwera ndi ndani.

Ine yoyamba kuigwira sipanala inali Series III, zija zinayamba 1971. Mkati muli ndodo ya mutu wachikasu ndi ina ya mutu wofiira, ukafika pamatope umakanikiza yachikasuyo pansi mateyala akutsogolo n'kuyamba kukoka nawo, pakakhala phiri kapena dambo loopsa ukoka yofiirayo kumbuyo, galimoto imayenda ngati nkhono koma siima. Chiwongolero cholimba ngati ukupotokola nyanga za ng'ombe, oyilo kudontha ndiye osanena.

Kenako kutsatsa kunasintha. Mu 1955 anyamata asanu ndi mmodzi a ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge anapatsidwa Land Rover ziwiri n'kuchoka London mpaka Singapore, anakafika 1956, zithunzi zake zinagulitsa galimoto kuposa wotsatsa aliyense. Zaka za m'ma 1980 kunabwera mpikisano wa Camel Trophy, galimoto zachikasu zikumira m'mitsinje, 1983 unali ku Zaire (lero DR Congo), 1991 ku Tanzania ndi Burundi. Pamenepo sakugulitsanso kwa mlimi, akugulitsa kwa munthu wa mtauni wolota tchire.

Pomwe awa ankajambulitsa zithunzi, a Japan ankabwera mwakachetechete. Toyota inapanga BJ mu 1951 ndipo poionetsa mphamvu anakwera nayo phiri la Fuji mpaka siteshoni yachisanu ndi chimodzi. Ankaitcha Toyota Jeep, a Willys atadandaula za dzinalo mu 1954 anaisintha kukhala Land Cruiser. Ya 40 series inayamba 1960, ya 70 series 1984 ndipo mpaka lero akupangabe, ndi imene mumaiona ngati ambulansi pachipatala. Kunena mosapsatira, ine Land Rover ndimaikonda, koma Cruiser inapambana chifukwa simakugonetsa pamsewu kawirikawiri ndipo sipeya umaipeza, munthu wa kumudzi safuna nkhani zambiri.

Land Rover yomaliza ya mtundu wakale, yotchedwa Defender, inatuluka ku fakitale ya ku Solihull ku England pa 29 January 2016, ndipo chaka chomwecho kampaniyo inayamba kusakasaka ma Series I, oyambirira aja, akutha m'maiko osiyanasiyana, kuwakonza n'kuwagulitsanso kwa olemera pamtengo wa mapaundi masauzande ambirimbiri. Galimoto ya mlimi ija tsopano ikugona m'nyumba, yofundikidwa nsalu.

Ndiye chibenthu cha galimoto chija chili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo, nkhuku zikuikiramo mazira, ogula zitsulo zakutha akabwera ndi sikelo yawo musathamange. Ikani maginito pa bodi, ikapanda kumata ndiye kuti ndi aluminiyamu, simachita dzimbiri. Chimene chimaola ndi chasisi ndi chikhoma chija chotchinga injini, gogodani ndi hamala mumve ngati chikulira bwino kapena chikuthothoka, kenako palani pang'ono mupeze nambala ya chasisi, imeneyo ndi imene imanena chaka chake. Anyamata amene mukufuna kuona, tikamwa thobwa tipitire limodzi komweko, wina abwereke hamala.