Sitolo ikagulitsidwa, dzina lake limapita kuti?

(Kamera ili pakhomo la sitolo ku Mzuzu, akabaza akuitanira anthu otuluka ndi majumbo.)

Moni nonse. Mu 2025 Shoprite inalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake asanu a m'Malawi muno, kuphatikizapo ya kuno ku Mzuzu. Ambiri anadabwa, komatu Shoprite yomweyo inakula pogula masitolo a anzake.

Inayamba mu 1979 ndi timasitolo 8 ku Cape Town. Mu 1991 inatenga Checkers. Mu 1997 inagula OK Bazaars kwa South African Breweries pa randi imodzi. Mwamva bwino, imodzi basi! OK inkangoluza ndalama, eni ake ankafuna wowatula mtolowo.

Tsono onani zimene anachita ndi mainawo. La Checkers analisunga, mpaka lero ndi komwe amagula anthu a ndalama zawo ku South Africa. Masitolo ambiri a OK anawapenta kukhala Shoprite kapena Checkers, dzinalo n'kutsalira pa masitolo a mipando ndi ena oyendetsedwa ndi amalonda paokha. Wogula sitolo amasunga dzina pokhapokha ngati likukokabe makasitomala.

(Chithunzi: chikwangwani chakale cha PTC.)

Kwathu kuno tinali ndi PTC ya Press Corporation. Chikwangwani chinadzakhala Peoples, masitolo ena n'kukhala SPAR, koma agogo anu ankangoti "ndikupita pa PTC". Mu 2022 a Press Corporation anaigulitsa kwa Tafika Holdings, ndipo posakhalitsa inagwa ndi ngongole. Penti inasintha kangapo, mashelefu ali mbee.

Nanga Shoprite inaganiziranji zothawa? Imagulitsa pa kwacha, pomwe katundu wochokera kunja amafuna randi ndi dola, zimene m'mabanki mwathu zimasowa. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Si ife tokha ayi: ku Nigeria inachoka mu 2021, ndipo ku Uganda masitolo ake anasanduka Carrefour.

Ine ndiye za mtundu wa chikwangwani sindilabadira. Mukalowa m'sitolo yosintha mwini, yang'anani pa tilu ngati achemwali aja akadalipo pantchito. Kenako tembenuzani paketi muwerenge komwe yachokera. Mukapeza khofi wa Mzuzu ndi mpunga wa Kilombero wa ku Karonga zili pamalo oonekera, mwiniyo wawerengera bwino, poti katundu ameneyo safuna dola. Mutiuze zomwe mwaona.