Mphwanga, ndalama uziigawa tsiku lomwe yalowa

Alo, mphwanga, ndine malume ako kuno ku Domué, m'boma la Angónia ku Mozambique. Ndakuimbira kawiri koma netiweki ikungodukaduka, ndiye ndati bola ndijambule mawu, ukamvere ukaweruka. Mayi ako andiuza kuti kumapeto kwa mwezi uno ulandira malipiro oyamba kumgodi wa malasha ku Moatize kuja. Eya, tathokoza Mulungu. Tsono khala pansi undimvere, chifukwa zimene ndikuuzezi ine palibe anandiuza, inandiphunzitsa ndi njala.

Ndalama uziigawa tsiku lomwe yalowa, usanagule ngakhale madzi ozizira a m'kajumbo. Ikangogona usiku umodzi isanagawidwe, m'mawa imadzuka ili ndi eni ake ena. Uthenga ukangolira pafoni kuti zalowa, tenga kope ndi cholembera. Lemba lendi, chakudya, chapa, minibasi yopitira kuntchito, magetsi ndi madzi, ya mayi ako. Koma pamwamba pa zonsezo, mzere woyamba, ulembe yosunga. Anthu amati ndisunga yotsala, koma kodi unaionapo ndalama ikutsala? Pa mametikali 1000 alionse chotsa 100, ndipo uchotse poyamba penipeni. Mwezi woyamba zimawawa. Pofika wachitatu umaiwala kuti inalipo.

Yosungayo isakhale m'thumba limodzi ndi yodyera. Ngati tsiku ndi tsiku umagwiritsa ntchito akaunti ya pafoni ya M-Pesa, yosungayo iike ku inzake ya e-Mola, kasimukhadi kake ukasiye kunyumba pansi pa sutikesi, kapena itsale kubanki komwe malipiro amalowera. Pofuna kuitenga pazikhala kaulendo ndithu, kuti uli m'njira uziganiza kawiri. Ndipo kutapa pang'onopang'ono uleke. Ukapita kwa ejenti amakudula nthawi iliyonse yomwe watapa, ndiye wotapa kasanu pa sabata wadulidwa kasanu. Werengera za sabata yonse, tapa kamodzi, basi.

Dikira pang'ono, mbuzi zalowa m'dimba... Iwe, tathamanga ukazitulutse zimenezo! Eya. Ndimati chiyani?

Kope lija. Usalitaye ukatha kugawa. Kwa mwezi umodzi wokha, lemba chilichonse chomwe wagula, ngakhale machesi. Kunyumba kuno anayambitsa zimenezi ndi akazi anga, ine ndinkawaseka. Tsiku lina anandiyalira kopelo pamphasa, chala chili pamzere wa ine mwini: kabotolo apa, kanyenya apo, mayunitsi oimbira anzanga zopanda mutu. Ndinangoti kukamwa yasa. Tawerenga wekha: mametikali 50 pa tsiku, amene suwamva n'komwe potuluka, pa mwezi ndi 1500, pa chaka apitirira 18,000. Ndi feteleza ameneyo, ndi malata amenewo. Inu anyamata a lero dzenje lanu ndi mamega. Mumagula ta tsiku limodzi, mawa tina, mkuja tina, n'kumaonera mavidiyo a anthu ovina mpaka tambala woyamba. Ona mtengo wa phukusi la sabata kapena la mwezi, uyerekeze ndi timene umagulagula tija, usankhe limodzi, likatha latha. Za kandege ka pafoni kaja, kobetcha kaja, sindichulukitsa mawu. Usakayambe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumeneko ku Tete n'kotentha, sindikukana, Okutobala munthu umagona panja. Fani gula. Koma firiji idikire kaye, ndipo kambaula ka magetsi usaphikirepo nyemba, kamameza mayunitsi a magetsi a Credelec ngati njovu pamadzi. Usaone ngati poti damu la magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe chino ku Songo ndiye kuti magetsi ndi a ambuye ako, ayi, mita imawerenga basi. Nyemba uziviika madzulo, m'mawa zimapsa msanga ndi makala ochepa. Zovala sita za sabata yonse nthawi imodzi. Mafuta ophikira, sopo, shuga, mchere, gula zamwezi tsiku lolandira lomwelo. Mafuta a m'timapepala ta pabenchi amaoneka otchipa koma ukawaphatikiza upeza walipira botolo lalikulu n'kupitirira. Ndipo uziphika, mphwanga. Mwamuna kuphika si manyazi. Nsima ya m'lesitilanti masana ndi madzulo imamaliza munthu mwakachetechete.

Tsopano ndifike pa chimanga, pomwe pagona nkhani yanga.

Chaka china kale, boma lisanachotse maziro atatu pa ndalama mu 2006, ndinakolola bwino kwambiri. Chimanga nkhokwe ziwiri, mbatatesi yosasimbika. Mavenda anafika ndi magalimoto mwezi wa Meyi, sikelo atapachika pamtengo wa mango. Ndinagulitsa mbatatesi yonse, n'kuona kuti ndalama ikukoma, ndinapasula nkhokwe imodzi, kenako theka la inzake. Ndalama za nthawi imeneyo zinali za maziro ambiri, ndiye ndinabwera kunyumba ndi mamiliyoni m'thumba la jekete, ndikuyenda ngati mwini sitolo. Ndinagula njinga, wailesi ya makaseti, nsapato zosongoka. Kumsika aliyense ankanditchula bwana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pofika Januwale m'nkhokwe munatsala zitsononkho. Ndinapita ndi lata kukagula chimanga chomwe chija, kwa anthu omwe aja, pa mtengo woposa kawiri umene ndinagulitsira. Ndalama itatha ndinakatenga katapila kwa bambo wina, dzina sinditchula. Wailesi inapita, njinga inapita, ndipo zokolola za chaka chotsatira theka zinali zake ndisanazikolole. Mayi ako akudziwa, ndi amene ankatigawira ufa m'kambale.

Ndiye iwe uchite mosiyana ndi ine. Uli ndi mwayi woti ndalama yako imabwera mwezi ndi mwezi, pomwe ya ife alimi imabwera kamodzi pa chaka. Meyi ndi Juni, chimanga chikatsika mtengo kuno ku Angónia, ndi nthawi yoti iwe ugule. Tumiza ndalama, ndikugulire matumba okwanira iwe ndi mayi ako mpaka Malichi. Tiziyanika bwinobwino, tiike m'matumba aja a PICS, a mapulasitiki awiri m'kati, omwe ukamanga bwino mpweya sulowa ndipo anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Nyemba chimodzimodzi. Thumba limodzi ndizikukwezera pa chapa likafunika, ukagayitse wekha. Kugula ufa wa m'sitolo mwana wa ku Angónia, komwe chimanga chimachokera, n'zochititsa manyazi.

Feteleza naye usadikire mvula. Gula Ogasiti kapena Seputembala, anthu asanayambe kulimbirana. Ndipo uike m'mutu kuti mwezi woopsa ndi Januwale. Disembala anthu amadya ngati dziko likutha, Khirisimasi, chaka chatsopano, zovala zatsopano. Kenako zonse zimagwa pamodzi: sukulu zikutsegula, alongo ako akufuna yunifolomu ndi makope, chimanga m'munda chikufuna feteleza wobereketsa, ufa watha, malungo nawo ndi nyengo yake. Yunifolomu ndi makope gula Novembala, ubise. Ya chikondwerero uyiikire malire usanakwere galimoto yobwera kuno, ndipo ya ulendo wobwerera uisiye padera. Ndaona anyamata ambiri akugulitsa foni pa tauni ya Ulongué kuti apeze yokwerera.

Za abale. Apa ndiyankhula mosamala, poti inenso ndine m'bale. Akangomva kuti uli pantchito kumigodi, foni yako sidzapuma. Wina mwana wadwala, wina denga likudontha, wina sanena n'komwe vuto, angoti ndiganizireko. Kuthandiza n'kwabwino, ndi mmene tinakulira, nawenso anakuthandiza anthu. Koma ika mlingo. Ya mayi ako ikhale yodziwika, tsiku lodziwika, azidziwa choyembekezera. Kenako kathumba kena kakang'ono ka maliro ndi matenda, chifukwa zimenezo sizipangana ndi munthu. Kakatha, uziyankha mwaulemu kuti pepani, mwezi uno zapita kale, tionane mwezi wamawa. Adzadandaula sabata imodzi, kenako adzazolowera. Ngakhale ine ndikakupempha ya fodya, undiyankhe chomwecho.

Anzako akuntchito adzakuitanira chipereganyu, kumeneko amati xitique. N'chabwino, chimagulitsa munthu bedi kapena malata popanda ngongole. Koma lowa ndi anthu owadziwa kumene amagona, gulu laling'ono, zonse zolembedwa, ndipo usasonkhe ndalama yoposa mphamvu zako pofuna kuoneka. Usanalandire gawo lako udziwiretu chomwe ukagule. Ndalama yambiri yofika m'manja yopanda dzina imathera m'bala.

China, poti ife ndi a m'malire. Ukabwera kuno udzafuna kudumphira ku Dedza ku Malawi kudzera pa chipata cha Calómuè, kapena pa Lizulu tsiku la msika, kukagula zina zomwe kumeneko zatchipa. Palibe vuto. Koma sintha yokwanira zogula za tsiku limenelo, funsa osintha awiri kapena atatu usanapereke, ndipo uwerenge wekha m'manja mwako. Makwacha usasunge. Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo alipo kuno amene anagulitsa mbewu zawo m'makwacha n'kuwasunga m'nyumba, anadzuka ndalama yawo itafupika ali mtulo.

Akuba a pafoni nawonso achuluka. Uthenga woti ndalama ija tumiza pa nambala iyi, kapena woti wapambana mphoto, kapena munthu woimba kuti ndine wa kukampani ya foni ndipatseni PIN, usayankhe. PIN ndi yako wekha, ngakhale chibwenzi usachiuze. Ukamva kuti mayi ako adwala tumiza msanga, yamba waimbira ine.

Ndipo usaiwale kuti ntchito ya kumigodi ili ndi eni ake. Mgodi wa ku Moatize umenewo unali wa kampani ya Vale, mu 2022 unapita kwa kampani ya Vulcan, ndipo makontalakiti a makampani ang'onoang'ono ogwira m'menemo amatha nthawi ina iliyonse. Choncho yosunga ija cholinga chake choyamba ikwane kukudyetsa ndi kukulipirira lendi miyezi itatu uli chikhalire. Ikakwana pamenepo, ndiye tikambe za mbuzi ziwiri zazikazi, ndizikusungira kuno, kapena kubwereka dimba la mbatatesi. Njinga yamoto ndi foni yaikulu zibwere pambuyo, sizithawa.

Batire yayamba kulira. Loweruka ndikukwezera theka la thumba la mbatatesi ndi nyemba pang'ono, nambala ya kondakitala ndikutumizira akanyamuka, ukadikire pasiteji msanga asakupitirire nazo mumzinda. Thumbalo usataye, ulibweze, ndi la akazi anga. Ukatha kugawa ndalama zija, jambula tsamba la kopelo unditumizire ndione. Ugone bwino, mphwanga.