Kudziwa mphamvu yotsala mu batire la Nissan Leaf musanapereke ndalama

Zikomo a pampando, zikomo abambo ndi amayi nonse. Mwa magalimoto akale oyendera magetsi amene anthu amaitanitsa ku Japan, yomwe mukumane nayo kwambiri ndi Nissan Leaf, choncho tikamba za iyoyo. Galimoto ya petulo timaiweruza ndi injini komanso makilomita amene yayenda. Iyi ndi ina. Mtengo wake wagona pa batire, ndipo batirelo limakalamba ngakhale galimoto itangoima pakhonde.

Leaf yoyamba inatuluka mu December 2010 ndi batire la 24 kWh. La 30 kWh linabwera mu 2015, la 40 kWh mu 2017, la 62 kWh mu 2019. Musaope kWh: ndi yuniti yomwe ija mumagula ku ESCOM. Batire la 24 kWh likakhala latsopano, mayunitsi amene mungayendere ndi 21 kapena 22, chifukwa kompyuta ya galimoto imasungako ena kuti batire lisaphweretu.

Kudzaza kwa batire ndi kukula kwa batire ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chigubu cha malita 20 chikaphwanyika m'mbali n'kumalowa malita 14 okha, mukathiramo madzi mpaka kukamwa chimaonekabe chodzaza. Batire lokalamba nalo limalemba 100 peresenti mukalitchaja, koma ndi 100 peresenti ya zochepa zimene zatsala. Ogulitsa ambiri amajambula galimoto itangochoka potchaja, wogula n'kumati batire lili bwino.

Nambala yaikulu ya makilomita imene imaoneka pa dashibodi musaidalire ngakhale pang'ono. Galimoto imangoyerekeza kuchokera pa mmene yayendera posachedwa. Mukatsetsereka kuchoka ku Lilongwe kupita ku Salima, nambalayo imakoma. Pobwerera, mukayamba kukwera, imagwa mukuona.

Poyambira penipeni ndi timizere. Pa Leaf ya 24 ndi 30 kWh, yang'anani kumanja kwa dashibodi. Pali mizere italiitali 12 yosonyeza kudzaza, ndipo kumapeto kwake kuli timizere tifupitifupi, tilinso 12. Timeneti ndiye tosonyeza umoyo wa batire. Pa Leaf ya 40 kWh mumatipeza posinthasintha ndi mabatani a pachiwongolero. Timizereti sitilingana. Koyamba kamazima batire likatsika kufika pa 85 peresenti, kenako kalikonse kamaimira 6.25 peresenti. Ndiye kuti timizere 11 ndi pakati pa 85 ndi 79, timizere 10 ndi pakati pa 79 ndi 72, timizere 9 ndi pakati pa 72 ndi 66. Galimoto ya timizere 12 ikhoza kukhala pa 99 kapena pa 86, kusiyana kwa mayunitsi pafupifupi 3 pa batire la 24 kWh. A Nissan eni ake anaika malire a chitsimikizo chawo pa timizere 9: batire likatsika kupyola apo nthawi ya chitsimikizo isanathe, ankalikonza kapena kulisintha.

Tsono pali chinyengo chimene tikufuna muchidziwe. Munthu wokhala ndi makina oyenera amatha kufufuta zimene kompyuta ya batire inaphunzira, timizere tonse 12 n'kubwerera. Batire silinachire ayi. Pakapita masabata kapena miyezi ingapo kompyutayo imaphunziranso, timizere n'kuyamba kuzima motsatizana, ndalama zanu zitapita kale. Galimoto ya zaka 10 ya batire lake loyamba ikaonetsa umoyo wa 100 peresenti, kayikirani.

N'chifukwa chake tikuti gulani kachipangizo ka OBD2 ka Bluetooth, kolumikiza foni ndi kompyuta ya galimoto, muike mu foni pulogalamu ya LeafSpy yowerenga za batire. Pobayira pake pali pansi pa chiwongolero, pafupi ndi bondo la dalaivala. Bayani, yatsani galimoto, tsegulani pulogalamu. Ngati galimoto ikadali ku Japan, pemphani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha LeafSpy chooneka nambala ya chasisi, muifanizire ndi ya pa mapepala.

SOH ndiwo umoyo wa batire mu peresenti. AHr ndi kuchuluka kwa magetsi amene batire lingasunge likadzaza. La 24 kWh latsopano limakhala cha m'ma 66. Hx imakuuzani ngati batire likutulutsa mphamvu mosavutikira. Ikatsika kwambiri poyerekeza ndi SOH, batirelo limatentha msanga ndipo limafooka pokwera mtunda. Muonanso QC, kuchuluka kwa maulendo amene galimoto inatchajidwa pa makina othamanga a CHAdeMO.

Koma tsamba la LeafSpy limene tikufuna muchedwepo ndi la maselo, timabatire ting'onoting'ono timene timapanga batire lonse. Batire la 24 kWh lili ndi timabokosi 48, kalikonse ka maselo 4, onse pamodzi 192. Analumikizidwa awiriawiri kukhala magulu 96 otsatizana, ndipo pamodzi amapereka pafupifupi 360 V. LeafSpy imajambula magulu 96 amenewa ngati timipanda toimirira, n'kulemba kusiyana kwa lapamwamba ndi lapansi mu mV (1,000 mV ndi 1 V). Batire litadzaza, galimoto itaima, kusiyana kwa 10 mpaka 30 mV n'kwabwino. Koma selo lofooka limabisala batire likadzaza. Yesani batire litatsika pansi pa 30 peresenti, mnzanu agwire foni, inu muponde moto pokwera mtunda. Mukaona kampanda kamodzi kakugwa kokha kusiya anzake ndi 150 kapena 200 mV, selo limenelo ladwala. Zimenezi n'zofunika chifukwa kompyuta imateteza selo lofookitsitsa. Likangofika pa malire ake, kanyali ka kamba kamayaka pa dashibodi, mphamvu imadulidwa, ngakhale magulu ena 95 akadali ndi magetsi. Galimoto ya SOH 80 yokhala ndi selo limodzi lotere ingakusiyeni panjira msanga kuposa ya SOH 70 ya maselo olingana.

Muyeso wovuta kuunamiza ndi wa pamsewu. Tchajani mpaka 100 peresenti, bwezani pa ziro makilomita a ulendo ndi kawerengero ka km/kWh (makilomita pa yuniti imodzi), muyende mwa masiku onse mpaka chenjezo loyamba la batire litayaka. Gawani makilomita ndi km/kWh. Tinene kuti mwayenda makilomita 91 pa 7 km/kWh: mwadya mayunitsi 13. Pa Leaf ya 24 kWh chenjezo limayaka patatsala mayunitsi pafupifupi 4, ndiye batire lanu likusunga 17. Gawani 17 ndi 22, mupeza 77 peresenti, zogwirizana ndi timizere 10. Ngati dashibodi ikuti 12, china chake chalakwika. Mungathenso kuwerenga mayunitsi pa mita ya kunyumba potchaja usiku, zina zonse zitazimitsidwa, koma muchotsepo 10 mpaka 15 peresenti imene imatayika ngati kutentha.

Mwafunsa kuti chimadya batire n'chiyani. M'kati mwa selo, lithiamu ina imakanirira pang'onopang'ono n'kuleka kuyenda uku ndi uku, ndipo imeneyo sibwerera. Kutentha kumafulumizitsa zimenezi, makamaka batire likakhala lodzaza. Ma Leaf amene tatchulawa alibe madzi oziziritsa batire ngati magalimoto ena amagetsi, batirelo limangozizira lokha. Mu 2012 eni ma Leaf ku Phoenix, Arizona, kumene kumatentha koopsa, anadandaula kuti timizere tikuzima galimoto isanathe zaka ziwiri. Inu a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mu October ndi November kumafika madigiri 40, nkhani imeneyi ndi yanu. Imikani galimoto pamthunzi. Mukafika kuchokera ulendo wautali, idikireni izizire musanaitchaje. Musaisiye masiku ambiri ili pa 100 peresenti kapena itapheratu. Ngati ikhalitsa osayenda, isiyeni cha pakati.

Poyerekeza za m'tsogolo, chotsani SOH pa 100, mugawe ndi zaka za galimoto. Ya zaka 10 imene ili pa 75 yakhala ikutaya 2.5 pachaka, ndipo imeneyo ndi nyengo ya ku Japan. Kuno werengerani zoposerapo. Kenako dzifunseni za ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku: pakatha zaka 3, kodi idzakwanitsabe kupita ndi kubwerera, n'kutsala ndi mayunitsi 4 aja? Lembani SOH ndi AHr m'kope miyezi itatu iliyonse, chifukwa manambalawa amasuntha pang'ono ndi nyengo, ndipo muyeso wa tsiku limodzi sukwanira.

Kwa amakaniko amene muli pano, tikupemphani: kuyeza konse tanenaku sikufuna kumasula chilichonse. Mawaya a mtundu wa olenji ali ndi magetsi ofika pafupifupi 400 V, okwanira kupha munthu pomwepo. Kusintha kabokosi ka selo lodwala n'kotheka, koma kumafuna magolovesi oyesedwa a 1,000 V, kuchotsa kaye pulagi yodulira batire pakati, ndiponso kulinganiza mphamvu ya kabokosi katsopano ndi anzake musanakamange.