Makalata a Omvera: Ntchito yokhala pansi ndi abambo ochita nkhanza

Takulandirani nonse. Makalata atatu amene ndasankha lero akukamba nkhani imodzi, ndipo eni ake onse apempha kuti tisawatchule mayina. Yoyamba yachokera kwa mtsikana wa ku Balaka.

"Achimwene, ndinakhoza MSCE chaka chatha. Ndakula ndikuona bambo akumenya mayi. Ankhoswe akabwera ankangoti mayi apirire, banja ndi choncho, koma palibe amene anawafunsapo bambowo kuti bwanji amatero. Ndikufuna ntchito yothandiza abambo otere kuti asinthe. Kodi ilipo? Amaphunzira kuti?"

Chemwali, ntchitoyi ilipo, kungoti kuno kwathu simudzaipeza italembedwa payokha pakhomo la ofesi. Amaigwira ndi alangizi a zachisamaliro cha anthu m'maboma, apolisi a ku Victim Support Unit, ndi aphungu a m'mabungwe monga YONECO ndi MEGEN, limene limalimbana kwambiri ndi maganizo a abambo. Maphunziro ake mungayambire ku Magomero College ku Chiradzulu. Digiri ya social work ili ku University of Malawi ku Zomba komanso ku Catholic University ku Nguludi, pomwe za uphungu amaphunzitsa ku St John of God ku Mzuzu. Podikira malo, kadziperekeni kubungwe la kwanu komweko kuti muone ndi maso anu.

Koma ndikufuna mudziwe chimene mukulowa. Bambo womenya mkazi sabwera akuvomera. Amati, "Dzanja linangothamanga." Wina amati, "Ndinali nditamwa," kapena, "Anandiputa dala." Mlangizi wodziwa ntchito sakalipa, komanso sagwedeza mutu kuvomereza. Amafunsa modekha: "Bambo, abwana anu akakukwiyitsani kuntchito, dzanjalo limathamanga? Tsiku limene munaledzeralo, bwanji simunamenye wakabaza amene anakubweretsani? Bwanji munayamba mwatseka chitseko?" Apa munthu amayamba kuona kuti amachita kusankha womumenya, nthawi yake ndi malo ake. Kenako amafika pa nkhanza zosasiya bala: kumana mkazi ndalama ya ndiwo, kumufufuza mufoni, kumuletsa kupita kubanki mkhonde, kumuopseza kuti amulanda ana. Njira yosonkhanitsa abambo m'magulu sabata ndi sabata kwa miyezi ingapo inatchuka kuchokera mumzinda wa Duluth ku America m'zaka za m'ma 1980, ndipo mphamvu yake ndi yakuti bambo amamva bodza lake lomwe likutuluka pakamwa pa mnzake.

Chachikulu ndi ichi. Ngakhale mukukhala pansi ndi bambo wankhanzayo, amene mukumugwirira ntchito ndi mayi ndi ana amene ali kunyumba. Simuwakhazika awiriwa pamphasa imodzi ngati mlandu wa ankhoswe, chifukwa mayi sangalankhule momasuka pamaso pa munthu amene akagone naye nyumba imodzi usiku womwewo. Zimene mayi wanena kumbali simukazifikitsa kwa mwamuna wake. Ndipo kuti bambo wasintha simumvera kwa iye mwini, ngakhale agwade misozi ili mbwembwembwe. Mumamvera kwa mayi: kodi akugona tulo? Kodi akhoza kutsutsa mawu popanda kunjenjemera? Pomaliza chemwali, popeza zimenezi munakula nazo, yambani inuyo mwaonana ndi phungu. Ndipo bambo anu asadzakhale munthu woyamba amene inu mudzamuthandize. Amenewo muwasiyire ena.

Kalata yachiwiri ndi ya agogo ena a ku Dedza.

"Mwana wanga, mdzukulu wanga anathyoledwa mkono ndi mwamuna wake. Inu mukuti anthu otere tiziwalangiza? Amangidwe basi!"

Pepani kwambiri agogo, ndipo wothyola mkono wa mkazi wake aziyankhadi kukhoti. Uphungu sulowa m'malo mwa chilango. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsanso khoti mphamvu yoletsa munthu wankhanza kuyandikira amene akumuzunza, ngakhale kumutulutsa m'nyumba. Koma agogo, womangidwayo adzatuluka, ndipo akapanda kubwerera kwa mdzukulu wanu adzakwatira mwana wa wina. Amayi ambiri amakathetsanso okha mlandu kupolisi poganiza za amene azigula ufa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse amene anakwatiwapo anachitiridwa nkhanza ndi amuna awo. Amuna ochuluka chotere sangathere m'ndende. Si onse amasintha, ndikuvomera, ena amangobwera kuti mlandu upepuke. N'chifukwa chake mlangizi amagwira ntchito limodzi ndi apolisi ndi khoti, ndipo akaona kuti moyo wa mayi uli pachiswe, chinsinsi chimathera pomwepo.

Yomaliza yachokera ku Lilongwe.

"Ndine bambo wa ana atatu. Mkazi wanga anapita kwawo nditamumenya kachitatu. Ndikufuna kusintha kuti abwerere. Ndichite chiyani?"

Bambo, mwachita bwino kulemba, ndipo mwatchula nokha kuti munamenya. Koma mawu akuti "kuti abwerere" achotseni kaye. Kubwerera ndi kwa mayiwo kusankha, ndipo mwina sadzabwerera. Musawatumizire ankhoswe kapena abusa kuti akawakakamize, musawaimbire foni usiku wonse. Chithandizo cha ana chizipita mwezi ndi mwezi popanda kuikapo mawu. Inuyo pitani nokha ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, kapena imbani mwaulere 5600, nambala yothandiza pa nkhani za nkhanza, mukanene zimene mwandiuzazi osachepetsa.

Nambala yomweyo ndi yanunso amayi amene mukumvetsera muli ndi mantha, ndipo pa nkhani za ana imbani 116. Ngati mwavulazidwa, ku Chikwanekwane m'zipatala zikuluzikulu mukapeza adokotala, apolisi ndi alangizi pamalo amodzi. Pitirizani kutilembera, tidzakumanenso sabata yamawa.