Makalata a omvera: "Ankangondiuza kuti ali stable"

Takulandirani omvera nonse. Thumba la makalata sabata ino ladzadza ndi nkhani za ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya chija, ndipo ndiyamba ndi iyi yomwe yandisowetsa tulo.

Mayi wina alemba kuti: "Amuna anga anakhala pa makina opumira masiku 9. Ndikafunsa ankangondiuza kuti ali stable, ine nkumawauza ana kuti bambo anu akuchira. Tsiku la 10 anandiimbira usiku kuti atisiya. Sindinawatsanzike nkomwe, ndinkangoima kumiyendo kwa bedi kuopa kukhudza mawaya."

Mayi pepani, pepani kwambiri. Kalata yanuyi ndaiwerenga katatu. Mawu oti stable aja satanthauza kuti munthu akuchira ayi, amangotanthauza kuti zinthu sizinasinthe, BP ndi mpweya zili pomwe zinali dzulo, ndipo nthawi zina zili pamenepo chifukwa makina ndi mankhwala ndi omwe akuzigwiriziza. Munthu atha kukhala stable koma ali pakati pa moyo ndi imfa. Inu simunalakwe kalikonse, panafunika wina akukhazikeni pansi nkukuuzani zoona m'mawu oti mumve.

Adokotala ndi anamwino, ndikudziwa mumatopa, mashifiti ataliatali, ma alamu kulira usiku onse, koma chonde musamauze munthu nkhani yaikulu chonchi mutaimirira pakhomo dzanja lina lili pa chitseko. Mpatseni mpando. Nenani kuti "tikuyesetsa koma tikuopa kuti mwina sadzuka." Amawawa mawu amenewo, koma akanamva mayiwa akanaitana ana. Mukamaliza afunseni akubwerezereni zomwe amva, mudzadabwa kuti theka lapita ndi mantha.

Za mawaya zija zandikhudza kwambiri. Chubu chopumira chimadutsa pakhosi pomwe pamatuluka mawu, nchifukwa chake wodwala sangayankhule, koma si kuti sakumva. Ena omwe anachira amanena kuti ankazindikira mawu a abale awo ngakhale anali atagonetsedwa ndi mankhwala. Ndiye inu amene muli ndi wodwala pano, sambani m'manja, funsani anesi pomwe mungagwire, mugwireni dzanja, mutchuleni dzina. Akakhala maso muzimufunsa zoti ayankhe pophethira kapena kukufinyani chala.

Bambo wina akudandaula kuti makina analira koma nesi sanathamange. Bambo, nthawi zambiri kamakhala kachopanira ka pachala koyezera mpweya kaja kasuntha basi, anesi amadziwa kulira koopsa. Koma inunso mwasunga mkwiyo mwezi wathunthu osafunsa? Safunsa anadya phula.

Mtsikana wina akuti agogo ake atadzuka anayamba kuona zinthu kulibe, nkumati anesi akufuna kuwapha. Achemwali, sanapenge agogo. Achipatala amati delirium, kusokonezeka komwe kumabwera ndi matenda, mankhwala komanso kusagona, ndipo kwa ambiri kumatha. Auzeni anesi, agogo muziwakumbutsa tsiku ndi komwe ali, magalasi awo muwapititsire.

Nesi winanso watilembera, akuti banja limodzi anthu 7 amafunsa aliyense payekha. Eee abale! Azakhali afunsa, atsibweni afunsa, aneba nawo afunsa, pofika madzulo wodwala mmodzi ali ndi matenda anayi. Sankhani munthu mmodzi wodekha, azilemba mafunso pa pepala, akamva aziuza enanu.

Pepala lomwelo lisandutseni kabuku. Ku Denmark anesi anayamba cha m'ma 1980 kulembera odwala a ku ICU zochitika tsiku ndi tsiku, kuti akadzuka adziwe komwe kunapita masiku omwe sakuwakumbuka. Inunso mutha kutero ndi kope wamba.

Mayi a kalata yoyamba ija, ngati mafunso akukuvutanibe mutha kupempha kukumana ndi adokotala omwe ankasamalira amuna anu, akufotokozereni bwinobwino zomwe zinachitika. Musapite nokha, tengani m'bale.